Funsani Achimwene a Makompyuta: patch ya mkulu wa pa ntchito ikugwira, ndisayine?

FUNSO: Achimwene, ine ndimakhala ku Area 25 ndipo ndangoyamba kumene ntchito pa kakampani kena konkuno ku Lilongwe, timapanga timabokosi ta ARM toyendera Linux tomwe timakaikidwa m'mafamu kuti tiziyeza madzi ndi katenthedwe. Nde mkulu wina wa pa ntchitopo, yemwenso ndi amene wandiphunzitsa zambiri, walemba patch, kutanthauza kasintho ka khodi, pa kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, ndipo abwana akuti ineyo ndiyione kaye isanalowe. Ndi kakafupi, mizere 30 sikukwana. Akusungira sensa kachigawo ka RAM ndi memblock_reserve koma ayika mu function yatsopano yomwe imayitanidwa mochedwerapo, asinthanso memblock_alloc ina kukhala memblock_alloc_raw akuti makina azidzuka msanga, ndipo function yatsopanoyo ayilemba __init. Iwo akuti ayesa pa QEMU, pulogalamu yoyerekeza makina ena mkati mwa kompyuta, komanso pa bodi imodzi zonse zili bho. Ndawerenga mobwereza sindikuona cholakwika koma mtima sukukhala pansi. Ndiyambire pati? Komanso ngati pali vuto ndingawauze bwanji akuluakulu osaoneka wamwano? Ndine wongoyamba kumene, Area 25.

YANKHO: Achemwali, mtima wanuwo ukunena zoona, musaunyoze. Khodi ya mbali imeneyi munthu sumaiwerenga ngati khodi ya webusayiti kuti layini iyi ikuoneka bwino, iyinso ikuoneka bwino, basi tapita. Layini iliyonse pa mizere 30 imeneyo ikhoza kukhala yolondola payokha koma n'kukhala pa nthawi yolakwika. Nde funso lomwe muzifunsa layini iliyonse ndi limodzi: kodi iweyo ukuyenda nthawi yanji, ndipo nthawi imeneyo mu kernel muli zinthu ziti zomwe zadzuka kale?

Tiyambe ndi mmene zimayendera makina akangoyatsidwa. Kernel siyidziwa yokha kuti RAM ili pati komanso ndi yochuluka bwanji, imachita kuuzidwa. Pa laputopu wamba firmware, pulogalamu yoyamba kudzutsa makina, ndi imene imapereka mapu aja mumawaona mu dmesg, momwe mumatuluka mauthenga a kernel, olembedwa BIOS-e820, ena usable ena reserved. Pa timabodi ta ARM ngati tanuto nkhaniyi imachokera mu device tree, fayilo yofotokoza zida zomwe zili pa bodi. Kernel ikalandira mapuwo imawapereka kwa memblock, yemwe ndi kalaliki wosavuta kwenikweni, amangosunga mindandanda iwiri, wina wa RAM yonse yomwe ilipo, wina wa zigawo zomwe zatengedwa kale. Pa nthawi imeneyi kulibe kmalloc, kulibe slab, kulibe buddy allocator, zomwe ndi zogawira memory makina akadzuka kale, olo console yoti izikuuzani zomwe zikuchitika siyinadzuke. Kenako kernel imamanga ma page table, imakonza ma zone, imakonza struct page, kakaundula ka page iliyonse (page ndi kachidutswa ka RAM), ndiye pofika mu mm_core_init, memblock_free_all imatenga zonse zomwe palibe anazisungitsa n'kuzipereka kwa buddy allocator. Kuchokera apo memblock ntchito yake yatha.

Taganizani za amfumu ogawa mapuloti kumalire a tauni uku. Ali ndi buku lawo, apa ndi manda, apa padzadutsa msewu, apa ndi pa uje. Munthu amene akufuna malo a chitsime ayenera kulembetsa asanayambe kugawa. Akabwera mochedwa amfumu a memblock sakana, amangolemba m'bukumo kuti chabwino ndi panu, chonsecho pamalopo wina wathira kale faundeshoni. Izi ndikunenazi ndi zenizeni: memblock_reserve ikapeza kuti chigawo mukufunacho chikulowana ndi china chosungidwa kale siyikuwa, imangoziphatikiza mwakachetechete. Ndipo ikayitanidwa memblock_free_all itadutsa kale ndiye kuti mwangolemba m'buku lomwe palibe akuliwerenganso, ma page aja ali m'manja mwa buddy, mawa lino awapereka kwa pulogalamu ina sensa yanu ikulembamonso momwemo.

Nde ntchito yanu yoyamba ndi kutsata function yatsopanoyo kuti akuyiyitana ndani. Tsegulani init/main.c, pezani start_kernel, muone setup_arch ili pati, mm_core_init ili pati, function ya mkuluyo ikugwera pakati pa ziti. Ngati ikuyenda ngati initcall, ma function aja kernel imayitana motsatana poyambitsa ma driver ndi zina, olo itakhala early_initcall, yachedwa kale, ma initcall onse amayenda buddy atalandira kale zake. Ngati ili mkati mwa setup_arch ndiye muonenso kuti pamwamba pake pali ma memblock_alloc angati omwe adutsa kale. Apa pali kamsampha kena: memblock mwachizolowezi imagawa kuyambira kumtunda kwa RAM kumatsika. Bodi ya 1GB ndi bodi ya 512MB kumtunda kwawo n'kosiyana, nde adiresi yomwe pa bodi ya mkuluyo inali yopanda munthu, pa bodi ina ikhoza kukhala penipeni pomwe kernel yaika ma page table ake. Mwamva kuti ayesa pa bodi imodzi. Afunseni kuti ndi ya RAM yochuluka bwanji, ndipo zomwe zili kumafamuko zonse ndi zofanana nayo?

Ine pamenepa ndinganene mosabisa kuti pa ARM nkhani yosungira sensa RAM siyimafunikanso kukhudza khodi ya C. Mu device tree muli node ya reserved-memory, mumalemba adiresi ndi kukula kwake, kernel imawerenga yokha kumayambiriro kwenikweni isanayambe kugawa. Gawo limeneli la patch likhoza kungochoka lonse. Review yabwino nthawi zina imathera pomwepo, kuuza munthu kuti mizere iyi musalembe.

Tibwere ku memblock_alloc_raw, apa ndi pomwe ndikanakhalitsa ndikanakhala inu. Kusiyana kwa awiriwa n'kwakuti memblock_alloc imakupatsani memory itaifufuta kale, monse muli ziro, pomwe ya raw imakupatsani mmene ilili ndi zinyalala zilizonse zomwe zinalimo. Vuto silikhala pa layini yomwe asinthayo ayi. Vuto limakhala kwina, fayilo ina mwina, pomwe munthu wina analemba kalekale kuti ngati pointer iyi ndi NULL ndiye kuti sitinayambe, kapena counter iyi iyambire pomwe ili, akudalira kuti muli ziro. Diff, mndandanda wa mizere yomwe yasinthidwa, siyikuonetsani malo amenewo chifukwa sanasinthidwe. Muyenera kutenga dzina la chinthu chomwe chikulandira memory imeneyo, mulisake mu khodi yonse ndi git grep, n'kumaona field iliyonse kuti imalembedwa kaye isanawerengedwe. Ngati ndi struct ya ma field khumi, onse khumi. Ndi ntchito yotopetsa koma review yake ndi imeneyi.

Nanga bwanji pa QEMU zikugwira? Chifukwa RAM ya QEMU imachokera kwa Linux ya laputopu yanu, ndipo Linux ikamapereka memory yatsopano kwa pulogalamu imapereka yofufuta kale. Ndiye kuti mu QEMU, raw ndi yosakhala raw pa boot yoyamba zimaoneka chimodzimodzi, monse ziro. Mayeso amenewo sanayese kalikonse pa nkhaniyi. Pa bodi yeniyeni RAM imadzuka ndi zomwe yadzuka nazo, ndipo ukapanga reboot osazimitsiratu imakhala ikadali ndi zotsalira za ulendo wapita. Kwathu kuno izi si nthano, magetsi amangophethira n'kubweranso, kabokosi kali ku Mitundu kapena ku Nsaru kadzuka ndi RAM yodzaza zinyalala, kakana kuyenda, munthu akwere njinga yamoto kukangodina batani. Akafika n'kuzimitsa bwinobwino kayendanso, aliyense n'kumati ndi chinyezi kapena batire.

Njira yachidule yoyesera ilipo. Pa kompyuta yanu, osati mu patch yeniyeniyo, ikani memset pansi pa memblock_alloc_raw pomwepo mudzaze chigawocho ndi 0xff, kenako boot. Ngati pali khodi yodalira ziro iwonekera msanga. Si nzeru yanga iyi, kernel yomwe imachita zofanana ndi ma struct page ukayatsa CONFIG_DEBUG_VM, imawadzaza dala ndi 0xff kuti wowagwiritsa ntchito asanakonzedwe agwidwe.

Komanso afunseni manambala. Akuti makina azidzuka msanga, chabwino, msanga bwanji? Kufufuta 1MB ndi nkhani ya millisecond imodzi kapena kuchepera apo. Ya raw anaipangira zinthu zikuluzikulu zedi. Onani masamu awa: page imodzi nthawi zambiri ndi 4096 bytes, ndipo iliyonse ili ndi struct page yake ya 64 bytes. Seva ya 1TB ndiye kuti ma struct page okha ndi 16GB, apo ndiye kuwafufuta kaye kenako n'kuwalembanso kumamveka ndithu, n'chifukwa chake mu 2015 Mel Gorman anabweretsa njira yoti ambiri mwa ma struct page azikonzedwa mochedwerapo ma CPU ena atadzuka. Koma kabodi ka 512MB kali ndi buffer ya ma KB ochepa, mukupulumutsa nthawi yomwe olo wotchi siyingaione n'kugula vuto lomwe lidzakusowetsani tulo. Yatsani printk.time=1, boot ndi patch, boot popanda patch, manambala ayankhule okha. Patch yonena za liwiro yopanda manambala ine sindiyikhulupirira olo atalemba ndani.

Poti muli pomwepo onaninso ngati akuyang'ana zomwe function yabweza. memblock_alloc ikhoza kubweza NULL, ndipo pa nthawi imeneyi nthawi zambiri chanzeru ndi panic yokhala ndi uthenga womveka, kusiyana n'kupitirira kenako n'kukafera patsogolo pomwe palibe angadziwe chinayambitsa.

Za __init ndi zachidule. Chilichonse cholembedwa choncho kernel imachitaya ikamaliza kudzuka, ndi layini ija mumaiona mu dmesg yoyamba ndi Freeing unused kernel. Nde ngati function ya mkuluyo ingadzayitanidwenso pambuyo, kaya driver akamalowanso kaya makina akamadzuka ku suspend, idzalumphira pamalo pomwe palibenso khodi. Mukamapanga build muziwerenga ma warning, modpost, kachida kofufuza ka mu build, imadandaula kuti section mismatch, anthu ambiri amangodutsitsa maso. Koma ngati adiresi ya function yasungidwa penapake makina akuyenda, modpost singaone, muone ndinu.

Tina ting'onoting'ono toti muyang'ane poti ndi mmene khodi ya mbali iyi imalumira. Ngati mwaona 4096 kapena 12, manambala oimira page ya 4K, wolembedwa ndi manja, funsani, chifukwa pa arm64 page ikhoza kukhala 4K, 16K kapena 64K, Raspberry Pi 5 yomweyi kernel yake imayendera 16K, nde pamafunika PAGE_SIZE ndi PAGE_SHIFT. Adiresi ya RAM izikhala mu phys_addr_t osati unsigned long, pa makina a 32-bit unsigned long imathera pa 4GB. Ndiye pali nkhani ya malire, kodi end ndi byte yomaliza kapena ndi yoyamba ya kunja? memblock imagwira ndi base ndi size, struct resource imasunga byte yomaliza, munthu akasakaniza ziwirizi amasemphana ndi imodzi. Pozungulitsa manambala napo, chigawo chosungidwa chimakulitsidwa mbali zonse, PFN_DOWN koyambira PFN_UP kothera, pomwe chigawo chomasula chimachepetsedwa. Akatembenuza, page imodzi ya kumalire imakhala ndi eni ake awiri.

Poyesa, musaiwale kuti zikafa pa nthawi imeneyi sikirini imangokhala bii, osati chifukwa kernel sinalankhule koma mauthenga ake ali mu buffer kudikira console yomwe sinafike. Lumikizani chingwe cha serial, ikani earlycon pa command line, onjezani memblock=debug ikuonetsani kusungitsa ndi kugawa kulikonse motsatana. Sungani za kernel yakale ndi za yatsopano muzifanizire ndi diff. Pa arm64 mulinso /sys/kernel/debug/memblock/reserved, komanso /proc/iomem. QEMU musaitaye, ingoisinthasinthani, -m 256M, -m 512M, -m 5G, muone ngati pena pake yatsamwa.

Tsono nkhani ya ulemu, yomwe ndikudziwa kuti ndi imene ikukuvutani kwambiri kuposa memblock. Musapite kukanena kuti apa mwalakwitsa. Lembani mafunso, ndipo akhale mafunso enieni oti yankho lake ndi la khodi. Mwachitsanzo: akulu, ndikuona kuti function iyi ikuyenda pambuyo pa mm_core_init, mundithandize kumvetsa, ma page amenewa sakhala ataperekedwa kale kwa buddy? Kapena: ndayesa kudzaza buffer ndi 0xff ndipo zachitika izi, log ndi iyi, mwina ndasokoneza ndine? Munthu wodziwa ntchito akaona log sakangana nayo, ndipo safunsa anadya phula, palibe angakudzudzuleni chifukwa chofunsa. Apempheninso aigawe patch patatu, chifukwa ndi zinthu zitatu zosiyana, mawa imodzi ikadzavuta git bisect, chida chosakira commit yomwe yabweretsa vuto, idzaloze yeniyeniyo ndipo mudzabweze yokhayo. Uthenga wa commit unene chifukwa chake, zoti asintha chani diff ikunena kale.

Koma dzina lanu musaike musanakhutire. Mu malamulo a kernel, Reviewed-by amatanthauza kuti mwaunika mozama, nkhawa zanu munazinena ndipo zayankhidwa mokukhutiritsani. Ngati mwangoyesa n'kuona kuti ikudzuka, lembani Tested-by n'kunena bodi yake ndi RAM yake. Ngati gawo lina simukulimvetsa uzani abwana choncho, kuti mbali iyi ndaona, iyi ikufunika maso ena. Mmene mwaifotokozera patch imeneyi, ine sindikanasayina lero.

FUNSO: Achimwene, ndinagula laputopu ya kaunjika mu Old Town anandiuza kuti ndi 4GB, pa sitika palembedwanso 4GB, koma nditaika Ubuntu ikuonetsa 3.7. Andidyera eti? Ndikabweze? Ndine wa ku Kawale.

YANKHO: Aphwanga musawononge ya kabaza, sanakubereni. RAM ilimo yonse koma ina imatengedwa inu musanaone n'komwe desktop. Firmware imasunga yake, graphics ya mkati yopanda memory yakeyake imabwereka ku RAM yomweyo, kernel nayo iyenera kukhala penapake. Kuonjezera apo 4GB ndi ma page 1,048,576, iliyonse ndi struct page ya 64 bytes, ndiye 64MB yapita pongosunga kaundula. Lembani sudo dmesg | grep Memory: muona layini yonena yomwe ilipo ndi yomwe ili reserved, ndipo sudo dmidecode -t memory ikuuzani kukula kwa timitengo ta RAM tomwe tili mkatimo. Ikati 4GB kapena 4096 MB nkhani yatha. Ikati 2GB ndiye pitani, risiti m'manja.

FUNSO: Ndine wophunzira wa chaka chachitatu, ndimakhala ku Likuni. Ndimafunitsitsa nditathandizako pa Linux yeniyeniyo koma ndilibe seva, ndili ndi laputopu yakale basi ndipo bandulo ndi yovuta. Munthu wa ku Malawi wosadziwika angaunike patch ya memory anthu n'kumumvera?

YANKHO: Angathe ndithu, palibe amafunsa pasipoti kapena digiri. Linus Torvalds naye anali wophunzira ku Helsinki pomwe amayamba mu 1991. Chomwe amaona ndi ngati zomwe wanenazo ndi zoona, ndipo mbali ya memory anthu olemba ma patch ndi ambiri kuposa owerenga a anzawo, nde maso owonjezera amalandiridwa.

Za bandulo, musapange git clone yonse, ndi ma GB angapo. Ikani --depth 1 kapena tsitsani tarball pa kernel.org, ma 6.x ali cha m'ma 140MB. Build yoyamba yambani ndi make defconfig kapena tinyconfig, osati config ya Ubuntu yomwe pa laputopu yakale ikhoza kukudyerani usiku wonse magetsi n'kuzimira pakati.

Poyambira ndingakulozereni mm/memblock.c, chifukwa ndi fayilo yomwe munthu ukhoza kuiwerenga yonse n'kuimvetsa, ndipo pamwamba pake pali ndemanga yaitali yofotokoza mmene imagwirira. Mbiri yake ndi yosangalatsanso, inayambira ku PowerPC ikutchedwa LMB, anaisintha dzina mu 2010, ndipo mu 2018 pa kernel 4.20 Mike Rapoport anachotsa bootmem, njira yakale yogawira memory makina akamadzuka, kuti ma architecture onse azigwiritsa ntchito memblock. Iyeyo ndi amene amaiyang'anira, pomwe ma patch ambiri a mm, mbali yonse ya memory, kwa zaka zambiri ankadutsira kwa Andrew Morton. Chabwino china n'chakuti mu tools/testing/memblock muli mayeso omwe amayenda ngati pulogalamu wamba, make kenako ./main, osafunika reboot olo QEMU. Laputopu yanu yakaleyo ikwanitsa.

Musathamangire Reviewed-by sabata yoyamba. Tengani patch ya munthu wina, iyeseni pa 32-bit kapena pa RAM yochepa kwambiri, malo omwe anthu a maseva akuluakulu sayesako kawirikawiri, ndipo makina akale enieni ngati anuwo ndi omwe ambiri a iwo alibenso. Ikagwa tumizani log yonse, config yanu, commit yomwe munayambira ndi command line ya QEMU ngati munaigwiritsa ntchito, kuti wina athe kubwereza. scripts/get_maintainer.pl ikuuzani woti mumulembere. Lembani plain text, yankho lanu pansi pa layini yomwe mukuikamba, ndipo akachedwa kuyankha musadandaule, makamaka nthawi ya merge window, masabata awiri aja otsatira release iliyonse, ma maintainer amakhala otanganidwa. Dikirani rc1, kernel yoyesera yoyamba yomwe imatseka merge window, ituluke mukumbutse kamodzi.